Ana a zaka 10 mpaka 12 akuzemba Sande Sukulu: tithandizane nzeru

Mphunzitsi wa Sande Sukulu, Mbare

Abale ndi alongo anzanga pa utumiki wa ana, ndabwera ndi vuto limene likundisowetsa mtendere. Kumpingo kwathu kuno ku Harare, ku Zimbabwe, ana onse, kuyambira a zaka 4 mpaka a zaka 12, amaphunzira pamodzi kuseri kwa tchalitchi, ndipo ndaona kuti okulirapowo, makamaka amene ali mu Giredi 6 ndi Giredi 7, ayamba kukhala kumbuyo osayimba, osayankha, ena mpaka kuzemba kukaima kunja kwa mpanda kudikira kuti mapemphero athe. Mavesi amaloweza ndithu, koma ndikawafunsa tanthauzo lake amangoweramitsa mitu. Ku gulu la achinyamata sangalowe chifukwa akadali aang'ono, ndipo kalasi ya katekisimu sanayambe. Kodi inu anzanga msinkhu umenewu mumausamalira bwanji?

Mkulu wa mpingo, Highfield

Mayi, poyamba apatuleni anawo, pakuti mwana wa zaka 12 amachita manyazi kuyimba nyimbo yolozana zala pamodzi ndi mng'ono wake amene akadali kubisala m'chitenje cha amake. Pa Luka 2:46 timawerenga kuti Yesu, ali ndi zaka 12, anapezeka m'Kachisi atakhala pakati pa aphunzitsi, akumvetsera ndi kuwafunsa mafunso, ndipo ana athu akafika pamenepa nawonso amafuna kufunsa, koma ife timangowapatsa vesi loti aloweze.

Kwathu tinaika chitini pakhomo kuti aliyense aponyemo funso lolemba pa kapepala popanda dzina. Zimene zinatulukamo zinatigwira mtima. Wina analemba kuti, "Ngati Mulungu amamva mapemphero, nanga bwanji bambo anga sakupeza ntchito?" Wina anafunsa ngati mneneri wa pa TV amene amagulitsa mafuta odzozera ali ndi mphamvu zoposa abusa athu. Mafunso otere mphunzitsi ayenera kupita nawo kunyumba, kuwapempherera, kufunsa abusa ngati amukulira, kenaka n'kubwera ndi yankho loona Sabata lotsatira. Tinayambanso kuwerenga Uthenga Wabwino wa Marko kuyambira pachiyambi, popeza uli ndi mitu 16 yokha ndipo nkhani zake zimayenda mofulumira, kuti ana aone moyo wa Yesu wonse m'malo mwa timagawo toduladula.

Mphunzitsi, Mufakose

Ndikugwirizana ndi a mkulu wa mpingo, koma tisalambalale nkhani ya chiyankhulo. Agogo athu anabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ndipo Sinodi ya Harare, imene inalowa mu CCAP m'chaka cha 1965, inakula potumikira anthu amenewo m'chiyankhulo chawo. Zidzukulu zawo zimasewera m'Chishona, zimaphunzira m'Chingerezi, ndipo zambiri zimamva Chichewa Lamulungu ndi pamaliro pokha. Buku Lopatulika linatuluka m'chaka cha 1922, ndipo mawu ake ena amavuta ngakhale mwana wokulira ku Lilongwe. Ine ndimawerenga ndime m'Buku Loyera, Baibulo la Chichewa cha masiku ano la 1998, mwana wina n'kuiwerenganso m'Chishona, kenaka ndimawapempha kuti anene nkhaniyo m'mawu awoawo, m'chiyankhulo chilichonse chimene chabwera pakamwa.

Mkulu wa mpingo, Highfield

Aphunzitsi, njira yanuyo ndaimva, koma ine ndili ndi nkhawa kuti tikamasula kwambiri, ana amenewa adzalephera kuyimba ndi kupemphera pamodzi ndi agogo awo m'mapemphero aakulu.

Mphunzitsi, Mufakose

Nkhawa yanu ndi yoona, bambo, n'chifukwa chake nyimbo, Pemphero la Ambuye ndi Chikhulupiriro cha Atumwi timaziphunzitsabe m'Chichewa. Kumasulako ndi kwa nthawi yokambirana yokha, chifukwa mwana amene sakutha kufunsa funso lake amangokhala chete, ndipo mawa lake sabweranso.

Mlangizi, Dzivarasekwa

Mayi a ku Mbare, ndiloleni ndionjezepo za thupi ndi za pakhomo. Atsikana ena amatha msinkhu ali ndi zaka 11, pamene ife tikudikirabe kuti akuleko tisanawaitane ku chilangizo, ndipo pofika nthawi imeneyo amakhala ataphunzira kale zambiri pa foni ya mchimwene wawo. Ndi bwino kukambirana ndi makolo kuti atsikana ndi anyamata azikumana padera nthawi zina, ndipo pazikhala akuluakulu awiri nthawi zonse, kuti ana atetezeke ndiponso aphunzitsi asanenedwe.

Kumbukiraninso kuti a Giredi 7 ali ndi mayeso a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso m'dziko muno, ndipo ambiri amapita ku maphunziro apadera Loweruka, choncho musawasenzetse misonkhano yambiri, koma muwapempherere potchula mayina awo mayeso akayandikira. Chinanso, apatseni ntchito yeniyeni mumpingo. Kwathu mnyamata wina amene ankangokhala phee anapatsidwa mwayi wowerenga Salimo 121 pamaso pa mpingo wonse. Anayeserera sabata yonse, anawerenga pepala likunjenjemera m'manja, ndipo kuyambira pamenepo ndiye amafika msanga kudzayala mabenchi. Ena amatsagana ndi amayi a mumpingo kukaona okalamba, kuwatungira madzi ndi kuwawerengera Mawu.

Mphunzitsi wa Sande Sukulu, Mbare

Zikomo kwambiri nonsenu, mwandithandiza. Chitini ndi buku la Marko ndiyamba nazo Sabata likubwerali. Chimene chatsala n'chakuti aphunzitsi tilipo awiri okha, ndipo malo ogawira anawo tilibe, makamaka mvula ikayamba mu Novembala.

Mkulu wa mpingo, Highfield

Mayi, lembani pempho lanu ku bwalo la akulu a mpingo kudzera kwa mlembi, mupemphe chipinda chimene abusa amakonzekereramo kuti muzichigwiritsa ntchito mapemphero akayamba, ndiponso kuti akupatseni mkulu wa mpingo mmodzi ndi mayi mmodzi wokhwima m'chikhulupiriro oti muzithandizana nawo. M'kalatamo mulembe chiwerengero cha ana a msinkhu umenewu ndi cha amene asiya kubwera, kuti akuluwo aone kukula kwa vutolo.