Ndalama za gulu: mjigo kapena khumbi la pasukulu?

Mlembi wa gulu, ku Blantyre:
Akuluakulu, amayi ndi abambo, komiti ya sukulu ya pulayimale ya kumudzi kwathu yatitumizira zopempha ziwiri, koma ndalama zimene tasonkha zikukwanira chimodzi chokha. Choyamba ndi kukumba mjigo pabwalo la sukulu, ndipo chachiwiri ndi kumanga khumbi lalikulu la malata, lopanda makoma, loti ana aziphunziriramo. Aphunzitsi aakulu akuti zonse ziwirizi akuzifuna kuti tsiku limene kudzabuke mliri wina sukulu isadzatsekedwe nthawi yaitali ngati mu 2020 pa mliri wa Covid-19, pamene ana anakhala pakhomo kuyambira pa 23 March mpaka September kwa a Sitandade 8, ndi mpaka October kwa ena onse. Aliyense apereke maganizo ake pamodzi ndi zifukwa.

Mphunzitsi wopuma ntchito, ku Ngabu:
Zikomo a Mlembi. Ine ndili kumbali ya khumbi. Dziko la Denmark linatsegula sukulu za ana aang'ono pa 15 April 2020, mwezi umodzi wokha zitatsekedwa, ndipo njira yawo inali yogawa ana m'timagulu ting'onoting'ono, kuwasambitsa m'manja pafupipafupi ndi kuphunzitsira panja pamene nyengo yalola. Nditamva zimenezi pawailesi ndinaseka ndekha, chifukwa ine ndaphunzitsa zaka zambiri pansi pa mtengo wa nimu, bolodi nditayedzamitsa ku tsinde, ndipo palibe amene anandiyamikirapo kuti ndikuteteza ana ku matenda. Tinkati ndi umphawi basi.

Koma mfundo yake ndi yoona: kachilombo ka Covid-19 kamafala kwambiri m'chipinda chothithikana chopanda mpweya wokwanira. Amene munalowapo m'kalasi ya Sitandade 1 kuno ku Chigwa cha Shire mwezi wa October mukudziwa mmene zimakhalira. Ana amakhala pansi mawondo atagundana, mawindo ndi timabowo ta njerwa, malata akuwotcha pamutu, ndipo ikamakwana 10 koloko ena amakhala akuwodzera chifukwa cha kutentha. Lamulo loti ana akhale motalikirana linabwera, koma malo owatalikitsirapo panalibe. Mtengo nawo uli ndi malire ake: mvula ikagwa mu January kalasi yonse imabalalika, ndipo mthunzi ukasuntha ana amasuntha nawo. Khumbi lingathetse zonsezi, mliri ukhalepo kapena usakhalepo.

Membala wa ku Johannesburg:
Aphunzitsi, ndikugwirizana nanu pa nkhani ya malo. Kuno ku South Africa sukulu zinayamba kutsegulidwa mu June 2020, koma chifukwa cha kuchepa kwa zipinda ana ambiri ankapita mosinthana masiku, ndipo zimenezi zinatha mu February 2022. Mwana wa mnzanga wogwira naye ntchito ankapita kusukulu masiku awiri kapena atatu pa sabata, ndipo masiku enawo ankangokhala m'nyumba. Sukulu inali yotsegula pa dzina lokha.

Mlangizi wa zaumoyo, ku Nchalo:
Ndikupempha kuti tisayang'ane mliri umodzi wokha. Covid-19 inatipweteka ndithu, ndipo tonse tikukumbukira tsiku la 12 January 2021 pamene nduna ziwiri zinamwalira, mmodzi mwa iwo a Sidik Mia a kuno ku Chikwawa. Komabe matenda amene amabwerabwera ku Chigwa ndi a madzi. Kolera imene inayamba mu March 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe chifukwa cha matendawa. Khumbi silingatchinge kolera.

A Denmark amene aphunzitsi akuwatchula anatha kusambitsa ana m'manja chifukwa mpopi unali pomwepo. Ife mu 2020 tinalandira ndowa za mpopi ndi sopo, ndipo sabata zoyamba zinkaoneka bwino zitandandalikidwa pakhomo la kalasi iliyonse. Ndinapita pasukulu ina patatha mwezi umodzi ndipo ndinapeza ndowa zitatu zitauma gwa, ina itasweka kampopi, chifukwa wotunga madzi anali atsikana a Sitandade 6 ndi 7 amene ankayenda ulendo wautali kukaima pamzere pa mjigo wa m'mudzi, n'kuphonya phunziro loyamba. Aphunzitsi anangowaleka, ndipo sindinawadzudzule. Tisaiwalenso kuti madzi akasefukira, monga nthawi ya namondwe wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023, sukulu ndi imene imasanduka msasa wa anthu othawa madzi. Mabanja ambirimbiri pamalo amodzi opanda madzi aukhondo, chotsatira chake mukuchidziwa.

Msungichuma wa gulu:
A Mlangizi, mfundo yanu ndi yamphamvu, koma monga wosunga thumba ndili ndi nkhawa imodzi. Madzi a pansi m'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere. Kwa agogo anga kuli mjigo umene unakumbidwa ndi ndalama zambiri, koma lero anthu amangochapira ndi kumwetsa mbuzi, ndipo sopo sachita thovu n'komwe. Wokumba amalipidwa ngakhale madzi atuluke owawa. Tikataya ndalama zonse m'dzenje lotere, mamembala amene amasonkha mwezi ndi mwezi tidzawauza chiyani?

Mayi wa gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulu:
Abambo, mundilole ndilankhulepo monga munthu amene ndinayenda khomo ndi khomo sukulu zitatsegulidwa. Atsikana ena sitinawapeze, anali atakwatiwa, ndipo ena tinawapeza ali oyembekezera. Maphunziro a pawailesi analipo, koma mwana amene watumidwa kudimba kapena kukagulitsa nsomba pamsika wa Bangula wailesiyo akanaimvera nthawi yanji? Ku Uganda sukulu zinakhala zotseka pafupifupi zaka ziwiri mpaka pa 10 January 2022, ku Kenya ana ambiri anabwerera mu January 2021, pamene ku Tanzania anatsegula kumapeto kwa June 2020 ndipo ku Sweden sukulu za pulayimale sizinatsekedwe n'komwe. Sindikunena kuti onse amene anafulumira anachita bwino, popeza boma la Tanzania nthawi imeneyo linasiya ngakhale kulengeza chiwerengero cha odwala. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti mwezi uliwonse wotseka umatichotsera atsikana amene sabwereranso.

Ine ndikusankha mjigo, ndipo chifukwa changa china abambo simungachitchule: mtsikana amene wayamba kusamba sabwera kusukulu kopanda madzi. Za khumbi, makolo tikhoza kuumba njerwa za zipilala ndi kututa mchenga tokha anyakwawa akatiitanitsa, monga tinachitira pomanga nyumba ya aphunzitsi. Mjigo ndiye sitingaukumbe ndi makasu.

Mphunzitsi wopuma ntchito, ku Ngabu:
Mayi, pa njerwa mwandigonjetsa, ngakhale malata ndi mitengo ya denga sizidzachokera m'dambo. Ndikuvomera mjigo, pokhapokha nkhawa ya a Msungichuma iyankhidwe kaye.

Wapampando:
Ndamva mbali zonse. Tisanasaine ndi wokumba aliyense, a Mlembi alembere ofesi ya za madzi ya m'boma lathu kupempha katswiri woti akayeze malo a pasukulu ndi kulawa madzi a mijigo yoyandikana nayo. A Mlangizi, popeza muli pafupi, muperekeze katswiriyo ndipo mutengeko mmisiri wokonza mijigo wa m'deralo, amene akudziwa mbali imene madzi amatuluka abwino. A Msungichuma afunse kwa okumba awiri kapena atatu ngati angalole kuti gawo lomaliza la malipiro liperekedwe madzi atayezedwa. Madzi akapezeka amchere, ndalama zipita ku khumbi popanda kukambirananso. Mayi, mukakumane ndi anyakwawa Loweruka likubwerali za njerwa zija, kuti ziumbidwe ndi kuotchedwa mvula isanayambe.