Mmisiri wanga wa ku Milan akutuluka ngati chidzete, ndithandizeni

Tadala: Akuluakulu, ndagwira njakata. Ndikulemba sewero la pa wailesi la magawo 8, nkhani yake ikuchitikira ku Milan, m'dziko la Italy, m'zaka za m'ma 1490. Mtengambali wamkulu ndi Bartolo, mmisiri wojambula zithunzi ndi kupanga makina. Ndam'tengera kwa Leonardo da Vinci, mmisiri wotchuka wa ku Italy wa nthawi imeneyo, koma dzina ndasintha kuti ndizipeka momasuka. Ndimafuna munthu wanzeru zogometsa koma woiwalaiwala. Dzulo tinayeserera gawo loyamba pamaso pa anthu angapo. Anaseka ndithu, koma kuseka kwake ndi kuja timasekera chidakwa chosokoneza pa maliro. Wina mpaka anafunsa kuti, "Kodi bamboyu mutu wake ukuyenda?" Ngati omvera amutenga ngati wamisala m'gawo loyamba, ndani adzakhulupirire m'gawo lachisanu kuti mfumu yam'patsa ntchito yaikulu?

A Chisale: Tisanapite patali mwanangu, tiuze zimene akuiwala. Zonse, usasiyeko.

Tadala: Akufunafuna chipewa chili kumutu. Wavala nsapato zosiyana. Wathira utoto mu supu poyesa mchere. Waiwalanso dzina la mnyamata womuthandiza.

Mphatso: Chipewa ndi nsapatozo pa wailesi siziwoneka achemwali. Pakufunika wina anene kuti "chipewatu chili kumutu kwanuko", nthabwala n'kufera pomwepo. Ine ndinali pa makina dzulo, ndinamva mmene zinagwera.

A Chisale: Vuto lili poyera. Zonse watchulazi ndi zoiwala za munthu amene m'mutu mwake mulibe kanthu. Wako uyu m'mutu mwadzaza mpaka kusefukira. Awiriwa saiwala zofanana.

Tawerenga za Leonardo weniweniyo uone. Mu 1490 anatenga kamnyamata ka zaka 10, Giacomo, kamene anakapatsa dzina loti Salaì. Kanali kakuba koopsa. Leonardo analemba m'kabuku kake chilichonse chimene kanaba ndi mtengo wake: ndalama za m'chikwama, cholembera chasiliva cha wophunzira mnzake, chikopa chimene kanakagulitsa kwa wosoka nsapato kuti kagule maswiti. Analembanso zovala zonse zimene anakagulira chaka choyamba, mpaka nsapato mapeyala 24. M'mbali mwa tsambalo anaikamo mawu anayi: wakuba, wabodza, wamakani, wosusuka. Munthu wowerenga mapeyala a nsapato za wantchito angaiwale dzina la wantchitoyo?

Chimene ankataya ndi anthu amene akum'dikira. Mu 1481 amonke a ku San Donato a Scopeto, pafupi ndi Florence, anam'patsa ntchito yojambula anzeru a kum'mawa akulambira Yesu wakhanda. Anaiyamba bwino kwabasi, kenako n'kuisiya, ulendo wa ku Milan. Amonkewo anadikira mpaka anatopa, chithunzi china anawajambulira Filippino Lippi mu 1496. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kusiyana kwake n'koti pusi ameneyu pa nthambi iliyonse imene wagwira amaonapo zimene ena onse sanazione.

Yamikani: Ndiye kuti inenso ndalakwitsa nawo. Bartolo ndikumusewera ndine, ndipo ndimam'chititsa chibwibwi, "eee... aaa... ndimati chiyani kodi?" Ndimaganiza kuti kuiwala kumamveka choncho.

A Chisale: Chibwibwicho uchisiye kunyumba. Amene analemba za Leonardo amati anali wodziwa kucheza, woimba, wokhoza kuliza zeze wa kumeneko wotchedwa lira. Ankavala mkanjo waufupi wofiirira pamene anzake ankavala yaitali, ndevu zopesa bwino. Ludovico Sforza, wolamulira Milan, anam'sunga zaka pafupifupi 17. Mfumu singasunge munthu wotopetsa nthawi yonseyo, makamaka ngati ntchito samaliza. Ankam'sunga chifukwa akayamba kufotokoza chinthu, umaiwala kuti unabwera kudzam'kalipira. Uzilankhula mosadodoma, mwachangu, mosangalala. Kungoti uziyankha funso limene sunafunsidwe.

A Nabanda: Ndilowererepo, poti Renaissance, nyengo ija imene luso ndi maphunziro zinatsitsimuka ku Ulaya, ndaiphunzitsa ku sekondale zaka zambiri ndisanayambe zisudzo. A Chisale akunena zoona, koma ndikuopa mungam'sandutse mngelo. Munthu wotere amapweteka anzake. Wina analipira, wina akudikira, wina waphika chakudya chikuzizira patebulo. Sewero lili mwa anthu amenewo. Bartolo yekha alibe vuto, iye akusangalala ndi maganizo ake.

Tenga nkhani ya chithunzi cha Mgonero Womaliza, chimene anajambula pakhoma la chipinda chodyera cha amonke ku Santa Maria delle Grazie, kuyambira cha mu 1495 mpaka 1498. Matteo Bandello, amene anali mnyamata pa nyumbayo, analemba kuti tsiku lina Leonardo ankakwera pa nsanja m'mamawa n'kujambula mpaka mdima, osadya osamwa. Kenako pankapita masiku atatu kapena anayi osakhudza burashi, kumangoima atapinda manja n'kumayang'ana. Tsiku lina ankatulukira masana dzuwa lili paliwombo, kukwera, kupaka kawiri kokha, n'kumapita. Tsopano dziyese mkulu wa amonke. Anthu ako akudyera m'chipinda chodzaza matabwa ndi fungo la utoto chaka chachitatu, mmisiri wake wangoti njo ngati chipilala. Giorgio Vasari, amene analemba mbiri za amisiri mu 1550, akuti mkuluyo anakadandaula kwa Sforza, ndipo Leonardo anayankha kuti akusowa nkhope yoipa yokwanira Yudasi, koma zikavuta agwiritsa ya mkulu wa amonkeyo. Chidzete chingayankhe choncho?

Komanso khalidwe lomwelo ndi limene linawononga chithunzicho. Amisiri anzake ankapaka utoto pa pulasitala wamuwisi, zimene zimafuna changu chifukwa akauma basi, subwereranso. Iye changu sankachifuna, ankafuna kubwerera mawa ndi mkuja kudzakonza. Ndiye anapaka pakhoma louma ndi utoto wosakaniza mwa njira yake. Chinayamba kusupuka mwini wake akadali moyo. Ukafuna gawo lokhudza mtima, lilipo pamenepo.

Tadala: Mayi, ndikumva. Koma munthu woima phee maola atatu ndim'lemba bwanji pa wailesi? Pa siteji zikanatheka.

Mphatso: Pamenepo ndi pathu ife a mawu. Chete weniweni musaike. Mukadutsa masekondi anayi, womvera wa kumudzi ayamba kumenya wailesi poyesa mabatire atha, wa m'tauni ati magetsi azima. Chimene tichite ndi kulowetsa womvera m'khutu mwa Bartolo. Mmonke akukalipa pafupi ndi maikolofoni. Penapake denga likudontha, do, do, do, chapansipansi. Ine ndiyamba kutsitsa mawu a mmonke pang'onopang'ono kwinaku ndikukweza dontholo, mpaka mmonke azimveka ngati ali kuseri kwa chitseko. Womvera naye aiwala mmonke, ayamba kutsatira madzi. Ndikabwezeretsa mawu mwadzidzidzi, "Mwandimva kodi?", womvera adzidzimuka limodzi ndi Bartolo. Sangam'nene wamisala, poti naye wagwa m'mbuna yomweyo.

Muchite kamodzi kapena kawiri pa gawo. Mukachulutsa, anthu aizolowera. Ndipo phokoso lake lizisintha: lero madzi, mawa mapiko a mbalame, tsiku lina belu la tchalitchi.

Yamikani: Za mbalamezo zandikumbutsa. Si yemweyu ankagula mbalame pa msika n'kuziulutsa?

A Nabanda: Yemweyo, malinga ndi Vasari. Ankalipira mtengo umene wauzidwa, kutsekula timakola, mbalame n'kumapita. Anthu amaitenga ngati nkhani ya chifundo, koma munthu amene anadzaza masamba ndi masamba ndi kaulukidwe ka mbalame, ine ndimaona kuti ankayang'ananso mapiko. Mu sewero lako ukhoza kuika zonse ziwiri: ndalama zimene anapatsidwa kuti agule utoto wabuluu, umene unali wodula kwambiri nthawi imeneyo, wagulira mbalame, waziulutsa, wabwera chimanjamanja ali mwee. Wophika ndiye alire.

Tadala: Wophika ndilibe. Ndili ndi mnyamata yekha, Nino.

A Chisale: Muike. Ndipo ndikupatse mphatso imene sindikanaipeka ngakhale nditagona nayo mwezi. Cha mu 1518, kutatsala pafupifupi chaka kuti amwalire ku Amboise, m'dziko la France, Leonardo ankalemba masamu a makona atatu pa tsamba lina. Zolembazo zikungoduka pakati, ndipo mawu omaliza akuti, "ndi zina zotero, chifukwa supu akuzizira." Tsambalo lilipo mpaka lero ku British Library ku London. Nkhalamba ya zaka 66, ili m'kati mwa masamu, wina akuitana kuchokera kukhitchini. Tsiku limeneli anapita. M'wilo wake anasiyira wantchito wamkazi, Maturina, chovala chakuda cha ubweya m'kati ndi ndalama pang'ono.

Ndiye wophika wako aziitana gawo lililonse, Bartolo osapita. Gawo lachisanu ndi chitatu apite.

Tadala: Eee, thupi langa lachita tsembwe. Funso: supuyo ndingam'sandutse nsima kuti anthu amve msanga? "Nsima ikuzizira" ikumveka bwino kuposa.

A Nabanda: Ayi mwana wanga. Ku Milan mu 1495 chimanga chinali chisanakhale chakudya chawo, chinali chitangofika kumene ku Ulaya kuchokera ku America. Ndipo ukangotchula nsima, womvera achoka ku Italy, afika kwa Jali. Supu aliyense amam'dziwa. Chichewa chikhale chathu chenicheni, koma mbale zikhale zawo.

Ndiwonjezere chimodzi, kuti usam'senzetse milandu yonse. Zina sizinathe osati chifukwa cha iye. Hatchi yamkuwa imene Sforza anafuna, yotalika pafupifupi mamita 7, Leonardo anaiumba ndi dongo ndipo anthu anaiona mu 1493. Mkuwa unali utasonkhanitsidwa, koma mu 1494 nkhondo itayandikira anautumiza ku Ferrara kukapangira mizinga. Asilikali a France atalanda Milan mu 1499, hatchi yadongoyo ankaphunzirirapo kulasa. Ukaika gawo lotere, omvera amene akhala akum'da Bartolo chifukwa chozengereza adzasowa pogwira.

Yamikani: Nanga zosekesa tichotseretu? Anthu pa wailesi amafunanso kupumako.

A Chisale: Ndani wati tichotse? Zisinthe mwini. Tizisekera amene wagwa m'manja mwake, osati iyeyo. Vasari akuti ali ku Rome anamata buluzi wamoyo mapiko, nyanga ndi ndevu, n'kumam'sunga m'bokosi kuti aziopseza alendo. Ankatsukanso matumbo a nkhosa mpaka kupyapyala, n'kuwapopa ndi mvukuto ali m'chipinda china, matumbowo n'kufufuma mpaka anthu kuthawira m'makona. Mphatso, mvukuto ungaupeze?

Mphatso: Kwa osula makasu ulipo, ndikaujambulira konko. Matumbowo ndigwiritsa chubu cha njinga.

Tadala: Ndalembanso chiyambi cha gawo loyamba. Taonani.

MMONKE: A Bartolo, lero ndi mwezi wachisanu ndi chinayi. Munati miyezi itatu.
BARTOLO: Zoona bambo, mwezi wachisanu ndi chinayi ndi masiku 11. Munandipatsa ndalama Lachiwiri, kunkagwa mvula.
MMONKE: Ndiye khomalo?
(Dontho la madzi likuyamba kumveka. Mawu a mmonke akutsika.)
MMONKE: ...abale akudyera panja ngati opempha, bishopu akubwera pa Pasaka...
(Dontho lokha. Kenako mawu abwerera mwamphamvu.)
MMONKE: Ndiwayankhe chiyani?
BARTOLO: Kodi munaonapo kuti dontho likagwa m'beseni, timizere take tikafika m'mphepete timabwerera, n'kudutsana ndi tinzake popanda kuswana? Nino! Lemba: funsa woliza belu ngati mawu amachitanso chimodzimodzi.
WOPHIKA (chapatali): Abwana, supu!
BARTOLO: Ndikubwera!

A Chisale: Tsopano uyu ndi munthu. "Masiku 11" aja agwira ntchito ya tsamba lonse. "Nino, lemba" usunge, akhale mawu ake gawo lililonse. Leonardo ankadzilembera mndandanda wa zoti afufuze, mpaka lina linali loti afotokoze lilime la gogomole. Zolemba zake zimene zatsala zimaposa masamba 7,000, ndipo zambiri ndi zolemba chobwerera kumanzere, zowerengeka bwino pa kalilole, poti anali wamanzere. Nino angadandaule kuti abwana akalemba okha palibe amene angawerenge.

A Nabanda: Ine mmonkeyo ndikumuona wofewa. Mupatse mzere umodzi woluma Bartolo asanaitane Nino, kuti timve kuti wapwetekeka. Komanso Bartolo asamunyoze. Iye akuganiza kuti akum'gawira chinthu chamtengo wapatali.

Yamikani: "Ndikubwera" uja ndinene mokwiya kapena mokoma?

A Chisale: Mokoma, ndipo ukhulupirire kuti ukubweradi.

Mphatso: Situdiyo ndaisungitsa Loweruka kuyambira 9 koloko. Achemwali, mubwere ndi beseni lachitsulo, lapulasitiki dontho lake silimveka. Wophika tam'peza?

Tadala: Sindinam'peze. Mayi Nabanda, simungatiitanireko supuyo?

A Nabanda: Ndiitana. Koma gawo lachisanu ndi chitatu undilembere mizere yoposa umodzi.