Anatidyera ndalama za magalimoto, ampatsa zaka 4 zokha. Ndisaine kalata yomukhululukira?

Abale anga pagulu pano ndithandizeni nzeru, mutu wanga sukugwira. Dzina la munthuyo sinditchula chifukwa ana ake amaphunzira limodzi ndi wanga ndipo iwo alibe mlandu.

Mu 2022 ndinapereka K6.8 miliyoni kwa bambo wina wa bizinesi yoitanitsa magalimoto ku Japan kuti andibweretsere Sienta ndiziyendetsa takisi. Ndalama zina zinali za penshoni ya malemu amuna anga, zina ndinakongola ku banki nkhonde. Munthuyo anali ndi ofesi mtauni muno mu Lilongwe, risiti yachidindo anandipatsa, ku tchalitchi amakhala kutsogolo, ndiye ndikanakayika bwanji. Anati pakatha miyezi iwiri galimoto ikhala ili pa Dar es Salaam kenako ilowa pa Songwe. Miyezi iwiri inasanduka isanu, lero sitima yachedwa, mawa duty yakwera onjezerani, ndinaonjezeradi K700,000, kenako foni inangosiya kupezeka. Titapita ku polisi tinakapezana anthu 14 aliyense ndi risiti yake, ndipo atatu mwa ife chithunzi cha galimoto chimene anatitumizira pa WhatsApp chinali chimodzi chomwecho.

Sabata yatha majisitireti wagamula kuti akagwire ukaidi zaka 4. Akuti anavomera mlandu osavutitsa khoti, ndi koyamba kupalamula komanso amadwala shuga. Ndinatuluka mkhoti muja miyendo ikunjenjemera. Mukagawa zaka 4 kwa anthu 14 ndiye kuti misozi yanga ndi miyezi itatu ndi theka basi. Kwathu ku Dowa mnyamata wina anaba ng'ombe imodzi, ng'ombeyo inapezeka yamoyo, koma anapatsidwa zaka zoposa pamenepa.

Ndiye dzulo akazi ake anabwera kunyumba ndi m'busale wina wamkulu, anagwada pansi, akuti andipatsa K2 miliyoni ndikasaina kalata yoti ndamukhululukira, loya wao akaionetse ku High Court pa apilo. Banki nkhonde ikundisowetsa tulo, fizi ya mwana sindinamalize. Ndilandire? Nanga chilangochi inu mukuona kuti ndi choyenera?

Nangozo: Mayi pepani kwambiri. Koma musasaine chilichonse muli nokha m'nyumba, mapepala a maloya amakhala ndi mau obisika, mutha kupeza kuti mwasaina kuti ngongole yonse yatha. Pitani nayo kalatayo ku Legal Aid Bureau akuwerengereni kaye.

Achimwene a ku Joni: Zaka 4 ndi kuseweretsa anthu. Komanso dziwani kuti sakakhalako zonsezo, akakhala ndi khalidwe labwino kundende amachotsera gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye pa miyezi 48 akhalako 32. Atuluka adzapeza ndalama zanu zili pomwe anazibisa.

Mphunzitsi wopuma: Achimwene zimenezo nzoona koma tisanamize mayiwa kuti zaka zambiri zikanawabwezera kanthu. Oswald Lutepo uja wa Cashgate mu 2015 anapatsidwa zaka 11 pa K4.2 biliyoni ya boma, nayenso anavomera mlandu. Ndiye mukayerekeza ndalamazo ndi za anthu 14 muona kuti majisitireti sanachite zachilendo, makhoti athu amatero ndithu, wovomera ndi wopalamula koyamba amamuchepetsera. Chimene chimandiwawa ine ndi choti lamulo lathu limaika kuba ziweto ngati mlandu waukulu kuposa kutenga ndalama mwachinyengo, pomwe ndalama za mayiwa zikanagula ng'ombe zingapo. Pamenepo mpomwe pali vuto, osati kwa wogamulayo.

Mayi a mapasa: Ine ndingolandira 2 miliyoniyo. Kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama munapereka ija lero siingagulenso Sienta ngakhale atakubwezerani yonse. Mukadikira zaka zina ndiye idzangokwana matayala. Ana sadya chigamulo cha khoti mayi.

Mwini funso: Mayi a mapasa ndikukumvani ndipo usiku wonse ndimaganiza zomwezo. Koma nanga anzanga 13 aja? Pali agogo ena a ku Kasungu anagulitsa fodya wa chaka chonse kuti agule ka lole, tsiku la chigamulo anabwereka thiransipoti. Kwa iwowa akazi akewo sanapiteko, abwera kwa ine chifukwa ndine amene ndinachitira umboni nthawi yaitali mkhoti. Ndikasaina ndekha ndiye ndagulitsa anzanga.

Wa ku Leeds: Kuno nkhani imene anthu amaitchula ndi ya Bernie Madoff wa ku New York, amene anabera anthu ambiri ndalama mwachinyengo. Anapatsidwa zaka 150 mu 2009 ndipo anafera kundende mu 2021. Koma chimene chinathandiza anthu amene anawabera si zaka 150 zija, ndi zoti khoti linaika munthu wapadera, Irving Picard, kuti asakesake chuma kulikonse kumene chinapita ndipo anapeza ndalama zoposa $14 biliyoni. Funso langa kwa inu mayi, pa chigamulo paja majisitireti ananenapo za kubweza ndalama? Nanga munthuyo ali ndi nyumba, mapuloti, magalimoto? Ngati akazi ake apeza 2 miliyoni sabata imodzi ndiye kuti kwinakwake zilipo.

Nangozo: Eya apo mwalasa. Mlandu wa polisi uja ndi wa boma, inu munali mboni chabe nchifukwa chake simungachite apilo nokha kuti zaka ziwonjezereke, zimenezo ndi za oimira boma pa milandu. Koma mlandu wofuna ndalama zanu ndi wina, mukhoza kukasuma nonse 14 pamodzi, mukawina masherifu amakalanda katundu nkugulitsa. Ndipo kulandira ndalama si kukhululuka ayi, ndi ndalama zanu zomwe, akupatseni pamaso pa mboni mulembe kuti zatsala K5.5 miliyoni.

Mwini funso: Za kubweza ndalama sindinamve bwino chifukwa chigamulo amawerenga mchizungu ndipo womasulira amathamanga, mawa ndipita kwa kalaliki wa khoti ndikapemphe kope. Nyumba ali nayo, ina akumanga ndinaiona ndi maso anga ili pa lintala. Ndaimbira agogo a ku Kasungu aja ndi ena asanu, tagwirizana kukumana Loweruka aliyense abweretse risiti yake. Akazi akewo ndawauza kuti ngati akufuna kukamba za chikhululuko abwere pomwepo adzalankhule pamaso pa tonse, sanayankhebe. Amene akudziwa kuti ku Legal Aid amafuna mapepala ati ukamapita koyamba andiuze chonde ndisakabwerere pakhomo.