Za mwana wanga uja ankakana nsima

Amayi anzanga, mwezi watha ndinafunsa za mwana wanga wamkazi wazaka 15 amene anasiya kudya nsima ndi kuyamba kumwa tiyi wochepetsa thupi, anzake a kusukulu atamuseka kuti ndi duntu. Ambiri munati ndisamukalipire koma ndipite naye kuchipatala. Zikomo, ndinapita.

Adokotala atamuyeza msinkhu ndi sikelo, anati thupi lake lili bwinobwino. Anafotokoza kuti BMI (nambala yoyerekezera kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake) ya 18.5 mpaka 24.9 imene mwanayu ankawerenga pa intaneti ndi ya akuluakulu. Ana azaka 5 mpaka 19 ali ndi tchati chawo cha WHO (bungwe loona za umoyo padziko lonse) chotengera zaka komanso ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Chimene anapeza ndi kuchepa kwa magazi, n'chifukwa chake ankamva chizungulire m'kalasi. Mtsikana amene wayamba kusamba amataya ayironi mwezi ndi mwezi, ndiye kudzimana chakudya kumangowonjezera vuto. Za tiyi uja, adokotala anati ambiri otere amangotsegula m'mimba, munthu n'kutaya madzi, osati mafuta. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ankagula ndi ndalama yake ya chakudya cha masana.

Panopa akumwa mapilitsi a ayironi, ndipo tikutsata magulu asanu ndi limodzi a zakudya: kansima pang'ono, usipa kapena nyemba, bonongwe wotendera, magwafa. Tiyi wamba sakumwanso pa nthawi ya chakudya, poti amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi.

Chovuta chatsala ndi mtima. Amadziyang'anabe pagalasi n'kudandaula. Ndapempha azakhali ake asiye kumulonjera ndi "wanenepatu iwe", ndipo Lachisanu tikaonana ndi mlangizi wa achinyamata.