Ezetimibe wa bambo anga: kodi amatsekadi mafuta onse m'mimba?

Mwana wa kwa Mponda:
Abale, ndithandizeni. Bambo anga ali ndi zaka 64, akhala akugulitsa nsomba kuno ku Mangochi moyo wawo wonse. Chaka chatha anawapeza ndi kolesterolo (mtundu wa mafuta a m'magazi) wokwera, n'kuwayambitsa mankhwala omutsitsa otchedwa atorvastatin. Miyendo inayamba kuwaphwanya moti kukwera njinga kunkawakanika, ndiye adokotala anawachepetsera n'kuwonjezerapo kapiritsi koyera ka ezetimibe, 10 mg kamodzi pa tsiku. Ndimawagulira ku Blantyre.

Vuto ndi ili. Iwo anamva kuti kapiritsika kamagwira ntchito m'matumbo, ndiye akuti khomo latsekedwa, adye chilichonse. Dzulo ndawapeza pamsika ali ndi chipisi cha pachiwaya m'kajumbo, mafuta akuyenderera m'zala, pambali mang'ina. Ndinalira ndithu, chifukwa achimwene awo tinawataya ndi sitiroko. Kodi akunena zoona? Komanso Ramadan ikafika azimwa nthawi yanji?

Namwino wopuma wa ku Malindi:
Achemwali, bambo amva mbali imodzi yokha. M'makoma a matumbo aang'ono muli kapuloteni kotchedwa NPC1L1, komwe kamatola kolesterolo n'kumulowetsa m'thupi. Ezetimibe amakakhala pamenepo n'kukatsekereza. Koma satseka yense, amachepetsa pafupifupi theka la amene akanalowa. Ndipo mafuta ophikira a m'chipisi muja sawakhudza n'komwe, amalowa monga mwa masiku onse, ndipo ena mwa mafutawa angathe kuchititsa kuti kolesterolo woipa uja, LDL, akwere m'magazi.

Chimene ambiri sachidziwa n'choti kolesterolo wambiri wa m'matumbo sachokera m'mbale ayi. Chiwindi chimamutsanulira m'matumbo kudzera mu ndulu, ndulu yomwe ija bambo amaichotsa mosamala potumbula chambo kuti nsomba isawawe. Thupi limamuyamwanso n'kubwerera naye kuchiwindi. Njirayi ikatsekeka, chiwindi chimaperewedwa, ndiye chimayamba kutola LDL wa m'magazi momwemo. Apo ndi pamene magazi amayera.

Payekha amatsitsa LDL ndi 15 mpaka 20 pa 100 alionse basi. N'chifukwa chake adokotala sanachotseretu atorvastatin. Uyo amachepetsa kolesterolo amene chiwindi chimapanga chokha, uyu amachepetsa wolowa. Asasiye aliyense mwa awiriwa popanda kuuzidwa.

Mphunzitsi wa ku Namwera:
Ine ndakhala ndikumwa zaka zitatu tsopano. Ramadan siyivuta. Ndi kamodzi pa tsiku, ndipo mutha kumwa mutadya kapena musanadye, ndiye ine ndimamwa pomasula madzulo. Sabata ziwiri zoyambirira ndinatsegulako m'mimba, kenako zinasiya zokha. Chambo ndimachita kuwotcha pamakala kapena kuphika ndi tomato, usipa ndi bonya chimodzimodzi. Nsomba si mdani, koma chiwaya.

Namwino wopuma wa ku Malindi:
Ndinaiwala china. Minofu ikayambiranso kupweteka kwambiri, kapena mkodzo ukada ngati tiyi, kapena maso akachita chikasu, musadikire tsiku la kuchipatala, pitani nawo. Ndipo ngati mukufuna chowauza bambo: kafukufuku wa IMPROVE-IT, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2015, anatsatira anthu oposa 18,000 omwe anali atadwalapo mtima. Amene ankamwa ezetimibe pamodzi ndi simvastatin (mankhwala a gulu limodzi ndi atorvastatin) anakumana ndi matenda a mtima ndi sitiroko mocheperapo kusiyana ndi omwa simvastatin yekha. Kusiyanako kunali kochepa, koma kunalipo.

Mwana wa kwa Mponda:
Zikomo kwambiri amayi, nanunso aphunzitsi. Za NPC1L1 sindinaziyambe n'komwe, ndinangowafotokozera za ndulu ali pampeni akutumbula nsomba. Anaima kaye, n'kuiyang'anitsitsa ili m'dzanja, kenako akuti, "Ndiye kuti zimenezi zimazungulira m'thupi mwangamu?" Chipisi sanalonjeze kusiya, angoti Lachisanu lokha akachoka ku Juma. Magazi tikapimitsanso mwezi wamawa, ndidzabwera ndi manambala ake.