Mawu a Malume pa Chinkhoswe

Malume: Mwaswera bwanji nonse. Akuchimuna atsimikiza kuti anyamuka ku Lubumbashi Lachitatu, adzera pa Kasumbalesa, agona ku Lusaka, kenako Chipata mpaka Mchinji. Koma pali kanthu kakundisowetsa tulo. Mayi ake a mnyamata Chingerezi sachimva, amayankhula Chifalansa ndi Chiswahili basi. Ine monga nkhoswe ndikufuna ndidzaponyeko mawu pang'ono m'Chifalansa, kuwauza mmene mwana wathuyu anakulira. Zotsalazo mkamwini azidzamasulira.

Mayi Aang'ono a ku Ndirande: Achimwene, ndi imvi zonsezo Chifalansa? Musadzatichititse manyazi pamaso pa alendo.

Malume: Ndayamba kale achemwali. Foni yandimasulira chiganizo choyamba: Elle aimait votre fils.

Aphunzitsi: Malume chonde, chimenecho chifufuteni! Chikunena kuti ankamukonda mwana wanu, ngati kuti pano zinatha. Mudzanene kuti elle aime votre fils.

Achimwene a ku Joni: 😂😂 Banja likanathera pa mphasa pomwepo.

Malume: Ndiye iwe ukuseka chiyani, ndalama ya tenti sunatumizebe. Aphunzitsi, tiwongolereni.

Aphunzitsi: Aimait uja ali m'nthawi yomwe Afalansa amati imparfait, ndipo ndi yomwe mukufunikadi pofotokoza za ubwana wake, kungoti munaiika pamalo polakwika. Imagwira ntchito ngati nka wathu uja: ankapita, ankaimba, ankakhala. Zinthu zomwe zinkachitika kawirikawiri, kapena mmene zinthu zinalili kalelo. Kapangidwe kake nkosavuta. Mumatenga mneni mmene amanenedwera ndi nous (ife) m'nthawi ya tsopano, kuchotsa ons kumapetoko, nkuikapo ais, ais, ait, ions, iez, aient. Nous chantons, chotsani ons, patsala chant. Ndiye je chantais, tu chantais, elle chantait, nous chantions, vous chantiez, ils chantaient.

Malume: Zonsezo ndiloweze pofika Loweruka?

Aphunzitsi: Ayi, inu mukungofunika ya elle (iye wamkazi), mwina ndi ya nous. Komanso mwayi wanu ngwakuti ais, ait ndi aient zimamveka chimodzimodzi pakamwa, zonse ndi e basi. Amavutika ndi olemba mayeso, osati oyankhula.

Wa Fomu 3: Asisi, nanga finir? Ine ndinalemba je finais andithetha.

Aphunzitsi: Chifukwa unayambira pa finir m'malo moyambira pa nous finissons. Chotsa ons, upeza finiss, ndiye je finissais. Ngakhale aneni ovuta aja amagonjera lamulo lomweli: nous faisons, je faisais, nous avons, j'avais, nous allons, j'allais. Wamakani ndi mmodzi yekha, être (kukhala). Nous sommes alibe ons woti uchotse, ndiye umangoloweza tsinde lake ét: j'étais, elle était, nous étions.

Mayi Aang'ono a ku Ndirande: Gulu lino lasanduka sukulu? Ine ndimayesa tikukamba za mpunga.

Mayi a Mkwatibwi: Asiyeni achemwali, mpunga ndagula kale wa Kilombero. Achimwene, munene kuti anakulira kwa agogo ake ku Dedza, m'mawa uliwonse ankapita kukatunga madzi asanapite kusukulu, ndipo Lamulungu ankaimba kwaya. Adziwe kuti sakutenga mwana woleredwa pa sofa.

Aphunzitsi: Nazi. Quand elle était petite, elle habitait chez sa grand-mère à Dedza. Chaque matin, elle allait puiser de l'eau. Le dimanche, elle chantait à la chorale. Malume, h wa habitait samveka, mudzati abite. Chantait mudzati shante, n wake akhale wa m'mphuno.

Mayi Aang'ono a ku Ndirande: Muwonjezerepo kuti ankadya mtedza wambewu wa agogo, mpaka agogo anayamba kuubisa kudenga.

Achimwene a ku Joni: Imeneyo ilowe! Ine mboni, tinkabera limodzi.

Aphunzitsi: Ikanakhala elle mangeait. Wa Fomu 3, taona e amene ali pakati pa g ndi a. Ukamuchotsa g amauma, imamveka ngati ga. Koma pa nous mangions e safunika chifukwa i wafewetsa kale. Commencer nayenso ali ndi kakhalidwe kotero: je commençais ndi kamchira pansi pa c, koma nous commencions popanda.

Malume: Za mtedza sindidzanena, nkhoswe saulula za m'nyumba. Koma ndikufuna ndinene kuti anali waulemu, ndi chaka chomwe anabadwa.

Aphunzitsi: Elle était polie, koma musaimire pomwepo, mungabwererenso ku vuto la poyamba lija. Muwonjezere et elle l'est toujours, kutanthauza kuti mpaka pano adakali choncho. Za kubadwazo si za imparfait, munthu sankabadwa, anabadwa kamodzi. Pamenepo ndi passé composé, elle est née. Chimodzimodzi kukumana kwawo: ils se sont rencontrés à Lusaka. Chaka chobadwacho mukachitchula, pa 90 mudzati nonante osati quatre-vingt-dix, chifukwa ku Congo amawerenga ngati ku Belgium, amene anawalamulira mpaka 1960.

Mayi a Mkwatibwi: Chaka chisatchulidwe. Mwanayo ndi wamkulu zaka ziwiri kuposa mnyamata, apongozi ayambe kuwerengera zala pamaso pa anthu?

Malume: Chabwino, chaka chachoka. Ndiye ziganizo zatsala zingati?

Aphunzitsi: Zisanu ndi chimodzi, kuphatikizapo cha elle aime votre fils chomwe mudzatsekere. Usiku uno ndikutumizirani voice note ndikuwerenga pang'onopang'ono. Inu muzibwereza nkunditumizira yanu kuinbox, osati pagulu pano, a ku Joni angaifalitse.

Mayi Aang'ono a ku Ndirande: Nanga nkhuku yathadzi yosinthana ndi tambala wawo agula ndani? Alendowo awauze kuti tambala adzagule konkuno, asavutike naye pa boda.

Malume: Thadzi ndili nayo pakhomo. Za tambala ndimuuza mkamwini. Iwe wa ku Joni, tenti.

Achimwene a ku Joni: Ndituma pa Mukuru mawa ndikaweruka, Malume. Nambala ikhale ya mayi aang'ono kapena yanu?

Malume: Ya mayi ako aang'ono, ndi amene akusunga kope.