Ganizo la tabuleti ndi sola pa chipatala chathu chaching'ono

Wapampando: Abale ndi alongo, komiti ikuganiza zoti ndalama zimene tasonkha chaka chino tigulire tabuleti (kachipangizo konga foni yaikulu), sola ndi bandulo ya intaneti, kuti anamwino kwathu azitha kuonetsa wodwala kwa dokotala wa ku boma pa vidiyo asanamutumize ulendo wautali. Tikupempha maganizo anu.

Mayi wa ku Leeds, ku England: Zikomo a Wapampando, koma ine ndikukayika. Kuno chiyambire Covid-19 mu 2020, madokotala ambiri amayamba akuimbira foni, ndipo okalamba amene ndimawasamalira amadandaula kuti dokotala sanawakhudze n'komwe. Ngati akudandaula anthu amene magetsi sawazimira, nanga agogo athu adzati bwanji?

Aphunzitsi opuma, Balaka: Mayi, madandaulo amenewo ndi a munthu amene dokotala ali naye pafupi. Wodwala wa kwathu akamayesa ubwino wa foni amauyerekeza ndi ndalama ya kabaza, ndiponso tsiku lathunthu pa benchi mwana ali kumsana. Musaiwale kuti Chipatala Cha Pa Foni chinayambira konkuno ku Balaka mu 2011, ndipo munthu amaimba foni osalipira n'kulandira ulangizi wa zaumoyo. Mlamu wanga anaimbako usiku mwana atatentha thupi, ndipo chimene amasimba mpaka lero n'chakuti anamumvetsera m'Chichewa mpaka anamaliza kufotokoza, popanda womufulumizitsa, asanamuuze kuti apite naye ku chipatala.

Bambo wa ku Johannesburg: Aphunzitsi, ulangizi sindikuukana. Komatu mayi anga chaka chatha anawalembera mankhwala a BP m'kabuku, pa windo n'kuwauza kuti atha, ndipo ndinachita kutumiza ndalama kuti akagule ku tauni. Dokotala wa pa vidiyo akanalemba mankhwala omwewo. Komanso netiweki kwathu timaipezera pa chulu chija cha kuseri kwa mjigo. Kodi wodwala tizimunyamulira kumeneko?

Msungichuma: Ine funso langa ndi lina. Kodi dokotala amene aziyankha mbali inayo ndi ndani, ndipo avomera kale? Sola ndikuivomereza lero lomwe, chifukwa amayi amachira ndi kuwala kwa tochi ya foni. Za tabuleti ndikupempha kuti tidikire kaye, a Wapampando alembere ofesi ya zaumoyo ya boma ndi komiti ya chipatala, timve ngati alipo woyankha komanso masiku ake.

Wapampando: Kalatayo ndilemba Lolemba. Aphunzitsi, chonde mukayese netiweki ya makampani onse awiri a mafoni muli m'chipinda chopimira momwemo, osati pa chulu.